Tenti ndi kalavani pa Nyanja ya Malawi: tikamange msasa pati mu Disembala?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa kwathu konkuno amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akufuna kubwera kumudzi pa Khirisimasi ndi mayi akunyumba komanso ana atatu, awiri mwa iwo obadwira ku Joni komweko. Bwana wawo wawabwereka kalavani, kanyumba kokokedwa ndi galimoto, ndipo ana akuluakulu adzagona mu tenti. Funso lawo ndi ili: "Taona zithunzi za Cape Maclear, Senga Bay ndi Nkhata Bay pa Facebook, konse n'kokongola. Tisankhe kuti, ndipo tiyang'ane chiyani tisanalipire?"

Achimwene, zikomo polemba. Yankho langa ndi lakuti mukaimike kalavani ku Senga Bay kapena m'dera la Chintheche, Cape Maclear mukaione masana kapena mukagoneko ndi tenti yokha, ndipo Nkhata Bay muisiye kaye ulendo uno. Zithunzi zija zinajambulidwa tsiku labata, dzuwa lili phwee. Sizikuonetsani mphepo, sizikuonetsani pamene madzi amalekezera mvula ikagwa, komanso sizikuonetsani makilomita omaliza a msewu. Zitatu zimenezi ndi zimene zimasankha malo, makamaka kwa munthu wokoka nyumba kumbuyo kwa galimoto.

Ndiyambe ndi mphepo, chifukwa alendo ambiri saiganizira n'komwe. Nyanja yathu ili ndi mphepo ziwiri zimene msodzi aliyense amazidziwa. Mwera umachokera kummwera chakum'mawa ndipo umalimba m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Mpoto umachokera kumpoto ndipo umabwera m'nyengo ya mvula. Gombe la Senga Bay, la Nkhotakota ndi la Chintheche anayang'ana kum'mawa, choncho mwera ukakwiya mafunde amamenya usiku wonse ndipo tenti imachita kupupuma. Mudzi wa Chembe ku Cape Maclear unayang'ana chakumpoto cha kumadzulo, kumbuyo kwake kuli mapiri, ndiye mu Julayi madzi ake amakhala phee pamene ku Salima asodzi akokera mabwato kumtunda. Koma inu mukubwera mu Disembala, zinthu zitatembenuka. Nthawi imeneyo mpoto ndi mvula yamkuntho zimafika pa Chembe molunjika. Mukamaimbira eni malo muwafunse kuti pamene adzakuikenipo pali chotchinga chanji kumbali ya kumpoto, kaya mpanda, nyumba kapena mitengo.

Pa mitengo pomwepo samalani. Mthunzi mudzaufuna, pakuti kunyanja kumatentha kuposa ku Lilongwe kapena ku Dedza, ndipo tenti yokhala padzuwa sigoneka ikangokwana 7 koloko m'mawa. Koma malo ambiri mthunzi wake ndi wa mango, ndipo Disembala ndi nthawi yake. Bango lakupsa likagwa pa denga la kalavani pakati pa usiku limadzutsa banja lonse, ndipo m'mawa mumapeza nyerere ndi ntchentche zadzaza pakhomo. Kumene kuli anyani, monga ku Cape Maclear, mtengo wa mango ndiye msonkhano wawo. Imikani pambali pa mtengo, mthunzi uzikufikani masana koma nthambi zisakhale pamutu panu.

Chachiwiri ndi madzi. Nyanja imakwera ndi kutsika chaka chilichonse, ndipo imadzaza kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, mvula itatha. Mu 2024 inakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo malo ambiri ogona alendo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota analowedwa madzi, mchenga umene anthu ankamangapo matenti n'kumira. Chithunzi cha 2019 chikhoza kukuonetsani gombe lalikulu limene lero lachepa. Pemphani akutumizireni pa WhatsApp chithunzi cha sabata yomweyo, chojambula pamalo enieni pamene kalavani idzaime. Mwini malo woona mtima sangakane zimenezi. Ndipo ngakhale ana atalirira kugona m'mbali mwenimweni mwa madzi, tenti ikhale pa kapinga kumtunda, pamalo okwera pang'ono. Mumchenga zikhomo za tenti sizigwira, zimazuka mphepo ikangokoka, ndipo mvula ya Disembala imatha kusandutsa kakhwawa kouma kukhala mtsinje pa ola limodzi. Yang'anani pansi: pamene pali timizere ta mchenga wokokoloka ndi zinyalala zounjikana, madzi amadutsa pamenepo.

Tsopano msewu, umene kwa inu ndi nkhani yaikulu kuposa zonse. Mukalowera pa Mwanza kuchokera ku Tete, njira yosavuta ndi kudzera ku Zalewa ndi ku Balaka n'kutsata M5, yodutsa pa Golomoti ndi pa Mua mpaka ku Salima, chifukwa ndi ya m'chigwa. Mukalowera pa Dedza, anthu adzakuuzani kuti chidule ndi kutsikira pa Khwekhwerere. Malowo ndi okongola zedi, koma makhotakhota ake ndi mtsetse wake si woyeserapo mabuleki muli ndi kalavani yobwereka. Ndi bwino kuzungulira ku Lilongwe n'kutenga M14. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, kenako ena pafupifupi 20 kufika ku Senga Bay, phula lokhalokha. Kumeneko kuli malo odziwika a misasa monga Steps Campsite pafupi ndi hotelo ya Sunbird Livingstonia Beach, komanso Cool Runnings. Chimene ndimakondera Senga Bay kwa banja la ana ang'ono n'chakuti tauni ya Salima ili pafupi: chipatala, mabanki, mafuta ndi msika.

Mukafuna mchenga woyera ndi bata, pitirirani kumpoto pa M5 kudzera ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa mpaka ku Kande ndi ku Chintheche, makilomita pafupifupi 40 musanafike pa Nkhata Bay. Kande Beach yakhala ikulandira magalimoto akuluakulu a alendo oyenda dziko ndi dziko kwa zaka zambiri, ndiye malo oimika ndi otembenukira alipo. Kumbukirani kuti M5 imadutsa mitsinje yambiri yotsika m'mapiri, ndipo kumayambiriro kwa 2024 madzi osefukira anadula msewuwu cha ku Dwangwa. Funsani madalaivala a minibasi pa Salima za mmene msewu ulili tsiku lomwe mukunyamukalo.

Nkhata Bay penipeni ndi pa mapiri ndi miyala. Malo ambiri ogona anamangidwa pa chitunda, mumatsika masitepe ndi chikwama kumsana. Kwa mnyamata wa tenti yaing'ono ndi pabwino kwambiri, koma kalavani ilibe poima. N'chimodzimodzi ndi msewu wa Gorodi wokwera ku Livingstonia kuchokera pa Chitimba: mukafuna kukaonako, kalavani itsale pansi.

Cape Maclear musaiphonye, chifukwa ana anu ayenera kuona mbuna, tinsomba tamitundumitundu tija timene tinachititsa kuti paki ya Lake Malawi National Park, yokhazikitsidwa mu 1980, ilembedwe ndi bungwe la UNESCO mu 1984 pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Kungoti malo ambiri a msasa ali m'kati mwa mudzi wa Chembe, ndipo kanjira kake n'kopapatiza, kamchenga, kodzaza ana, mbuzi ndi mathandala oyanikapo usipa. Pa Khirisimasi ndi pa Chaka Chatsopano pamakhalanso phokoso la zoimbaimba mpaka mbandakucha. Funsani ngati malowo amalandira anthu obwera kudzangocheza masana, chifukwa amenewo ndiwo amadzaza mabafa ndi zimbudzi pa tchuthi.

Pali nkhani ina imene ndikupemphani musaitenge mopepuka, ya thanzi la ana obadwira ku Joni aja. Matupi awo sanakumanepo ndi malungo, ndipo kunyanja m'nyengo ya mvula udzudzu ndi wambiri. Kaonaneni ndi dokotala musananyamuke kuti akupatseni mankhwala oteteza, onani kuti neti ya pakhomo pa tenti ilibe bowo, ndipo mwana akatentha thupi, ngakhale mutabwerera kale ku Joni, mukanene kuti munali ku Malawi. Likodzo nalo lilipo. Nkhono zimene zimafalitsa matendawa zimakonda madzi odekha, a m'bango ndi a pafupi ndi midzi, ndipo Cape Maclear imadziwika ndi vutoli. Pakadutsa miyezi iwiri mutachoka kunyanja, banja lonse likayezetse. Mankhwala ake, praziquantel, amapezeka. Posankha malo pewani oyandikana ndi mathiriro a mtsinje kapena bango lowirira, chifukwa ng'ona ndi mvuu zimakhala kumeneko. Funsani asodzi a pamalopo, osati wolandira alendo yekha, ndipo usiku aliyense asasambe.

Za magetsi, mapulagi a kuno ndi a mano atatu amakona, osiyana ndi obulungira a ku South Africa, ndiye bwerani ndi adaputala ndi chingwe chachitali. Magetsi amazimazima, choncho funsani ngati ali ndi sola kapena jenereta, komanso ngati madzi a pampopi ndi a pamjigo kapena opopa m'nyanja. Akakhala a m'nyanja, akumwa muziwiritsa kapena mugule. Funsaninso za mlonda wa usiku ndi mtengo wake weniweni, chifukwa ena amalipiritsa pa munthu, ena pa galimoto, ena zonse ziwiri.

Chomaliza ndi mapepala. Kalavani ili ndi nambala yakeyake, ndipo pa zipata za m'malire a mayiko, pa Beitbridge, pa Nyamapanda ndi pa Zobue, adzaifunsa payokha. Popeza si yanu, tengani kalata ya chilolezo yochokera kwa bwana wanuyo yodindidwa ndi apolisi, pamodzi ndi mapepala a umwini, ndipo muyambe kuzikonza mwezi uno.