Matama a Daddy Yankee ali ndi pochokera

Achimwene, mwafunsa ngati Daddy Yankee, woimba nyimbo za reggaeton wa ku Puerto Rico, kudzitcha "Big Boss" si matama chabe, komanso chimene chinamusunga pamwamba zaka pafupifupi 30 pomwe anzake ambiri anazimirira. Ine ndikuti matamawo alipo ndithu, koma taonani kaye komwe anachokera.

Dzina lake ndi Ramón Ayala. Anakulira ku Villa Kennedy, nyumba zimene boma linamangira anthu osauka mumzinda wa San Juan ku Puerto Rico. Mtima wake unali pa baseball, koma ali mnyamata chipolopolo chosokera chinamulasa mwendo, masewerawo n'kuthera pomwepo. Anatsala ndi maikolofoni. Nyimbo zimene ankajambula pa makaseti a DJ Playero akuluakulu ankaziti n'zolaula, za zigawenga, moti mu 1995 apolisi analowa m'mashopu n'kulanda makaseti a mtundu umenewu ngati akulanda chamba. Mwana wokulira m'zoterezi akafuula kuti "bwana ndine", ine ndimamva munthu amene akuyankha onse amene anamuuza kuti sadzaphula kanthu.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi chilankhulo. Ricky Martin ndi Shakira anayamba atulutsa zimbale za Chingerezi kuti msika wa ku America uwatsegukire. Koma Daddy Yankee mu 2004 anatulutsa chimbale cha Barrio Fino m'Chisipanishi cha m'makwalala a kwawo, ndipo "Gasolina" inazungulira dziko lonse chomwecho. Ndikukumbuka paphwando lina tikuvina thukuta lili kamukamu, popanda ndi mmodzi yemwe wodziwa tanthauzo la mawuwo, koma ikafika pa "gasolina" tonse kukuwa limodzi. Patapita zaka 13, mu 2017, "Despacito" yomwe anaimba ndi Luis Fonsi inakhala pa nambala 1 ya Billboard Hot 100, mndandanda wa nyimbo zotchuka kwambiri ku America, masabata 16. Inde, Justin Bieber anathirapo mawu ake, koma thunthu la nyimboyo linali Chisipanishi.

Tisamusenzetse ulemu wonse yekha. Kugunda kwa ng'oma kumene kumatchedwa dembow, komwe ndi maziko a reggaeton, kunachokera ku Jamaica, pa nyimbo ya Shabba Ranks ya 1990, ndipo Ivy Queen, woimba wamkazi wa ku Puerto Rico, analimbana ndi mabwalo odzaza amuna okhaokha mpaka anayamba kumutcha mfumukazi ya reggaeton. Zimandiwawa kuti mayi ameneyu satchulidwa mokwanira.

Za cholowa, yang'anani Bad Bunny, woimba wina wa ku Puerto Rico komweko. Ankalongedza katundu wa makasitomala m'supamaketi ku Vega Baja, koma mu 2020, 2021 ndi 2022 ndiye ankamvedwa kuposa woimba wina aliyense pa Spotify, osasiya chilankhulo cha kwawo. Njira imeneyo anaipeza yolambula kale.

Daddy Yankee analengeza mu 2022 kuti akupuma, n'kutulutsa chimbale cha Legendaddy. Mu Disembala 2023 anatsanzika pa Coliseo de Puerto Rico, bwalo litadzaza, ndipo anauza anthu ake pamaso kuti kutchuka konse kuja sikunamudzaze mtima, tsopano akutsata Yesu.