Kodi munthu wa kumudzi ankakwera bwanji ndege m'zaka za m'ma 1950?

Bambo wina wa ku Ntcheu amene amawerenga tsamba lino wandilembera kalata pa imelo. Akuti agogo awo aamuna ankakonda kusimba kuti anapita ku migodi ya ku Joni pa ndege m'zaka za m'ma 1950, ndipo iwo akudabwa kuti zinkatheka bwanji munthu wopanda ndi khobidi lomwe kukwera ndege pa nthawi imene ngakhale azungu ambiri ankapita kwawo pa sitima ya pamadzi. Akufunsanso ngati ndegeyo inali ya kampani yofanana ndi BOAC, kampani ya ndege ya boma la Britain pa nthawiyo, komanso ngati ndege zoterozo zinali zodalirika.

Bambo, agogo anu sankakunamizani ayi. Koma kuti yankho limveke bwino, tiyenera kuyamba tadziwa kuti m'zaka zimenezo maulendo a pandege pa dziko lonse anali ogawikana pawiri. Kunali makampani oyenda pa ndondomeko, amene ankagulitsa matikiti kwa aliyense ndipo ankanyamuka pa tsiku ndi ola lodziwika, ndiyeno kunali makampani a hayala, amene ankapereka ndege yonse kwa munthu, bungwe kapena boma limene lalipira. Kusiyana kwake n'kofanana ndi kwa basi ya pa depoti ndi lole imene abale amachita hayala popita ku maliro. Anthu osauka amene anauluka m'zaka zimenezo, pafupifupi onse anauluka m'gulu lachiwirili, ndipo tikiti sankagula okha.

Kugawikanaku kunachokera m'malamulo. Mu December 1944, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanathe n'komwe, nthumwi za mayiko oposa 50 zinakumana ku Chicago n'kusainirana pangano la kayendedwe ka ndege. Ndime 6 ya panganolo imati ndege yoyenda pa ndondomeko singalowe m'dziko la eni popanda chilolezo chapadera, pamene ndime 5 inapereka mpata wokulirapo kwa ndege zosayenda pa ndondomeko. Mu April 1945 makampani akuluakulu anakhazikitsa bungwe lawo la IATA ku Havana, ndipo pa misonkhano ya bungweli ndi pamene ankagwirizana mitengo ya matikiti, kotero kuti kampani sinkaloledwa kukopa anthu potsitsa mtengo. Ankagwirizana ngakhale kukula kwa mipando ndi mtundu wa chakudya. Mu 1958, pamene anayambitsa kalasi yotchipa ya economy pa maulendo owoloka nyanja ya Atlantic, lamulo linali lakuti okwera azipatsidwa masangweji okha, ndipo panabuka mkangano weniweni chifukwa kampani ya SAS ya ku mayiko a Scandinavia inkaika zankhuli zochuluka pa buledi wake mwakuti anzake anakadandaula ku bungwelo.

Makampani ambiri a ndondomeko anali a boma kapena otetezedwa ndi boma: BOAC ndi BEA ku Britain, Air France, KLM ya ku Netherlands, Sabena ya ku Belgium, South African Airways. Ku Britain lamulo la 1946 linachita kunena mosabisa kuti maulendo onse a ndondomeko ndi a makampani a boma basi. Ku America makampani monga Pan American ndi TWA anali a anthu wamba, koma bungwe la boma la Civil Aeronautics Board ndilo linkagawa njira ndi kuvomereza mitengo. Makampani a ndondomekowa ndiwo ankagula ndege zatsopano. Pa 2 May 1952 BOAC inayamba ulendo woyamba wa jeti yonyamula anthu pa ndondomeko, ndege ya Comet ya mipando 36, kuchokera ku London kupita ku Johannesburg kudzera ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone, ndipo ulendo wonse sunakwane maola 24. Izi zisanachitike, mu 1949 ndi 1950, ndege zotera pamadzi za kampani yomweyi zinkaima pa Cape Maclear. Koma okwera anali akuluakulu a boma, amalonda olemera ndi mabanja awo.

Makampani a hayala anabadwa ndi zotsala za nkhondo. Ndege za mtundu wa Douglas DC-3, zimene asilikali a ku Britain ankazitcha Dakota, zinapangidwa zoposa 10,000 pa nthawi ya nkhondo, ndipo itatha maboma ankazigulitsa motchipa kwambiri. Oyendetsa ndege ndi amakaniko otuluka usilikali analinso mbwee, opanda ntchito. Anthu atatu kapena anayi ankasonkha ndalama, n'kugula ndege imodzi, n'kuipaka penti, basi kampani yayamba. Ku America, Robert Prescott ndi anzake amene anamenya nawo nkhondo ku China anayambitsa kampani yonyamula katundu ya Flying Tiger Line mu 1945, ndipo Orvis Nelson anayambitsa Transocean Air Lines ku Oakland mu 1946. Ku Britain timakampani totere tinabadwa tambirimbiri, tikumanyamula zipatso, mahatchi a mpikisano ndi amalinyero opita kukalowa m'malo mwa anzawo pa madoko akutali, ndipo tambiri tinkafa chaka chisanathe.

Chimene chinawapulumutsa chinali mzinda wa Berlin ku Germany. Mu June 1948 dziko la Soviet Union linatseka misewu, njanji ndi ngalande zonse zolowera kumadzulo kwa mzindawo, kumene kunkakhala anthu pafupifupi 2 miliyoni, ndipo America ndi Britain anaganiza zowatumizira chilichonse pa ndege. Ndege za asilikali a Britain zinachepa, choncho boma linachita hayala makampani a anthu wamba oposa 20, monga Skyways, Lancashire Aircraft Corporation, Flight Refuelling ndi Eagle Aviation ya Harold Bamberg. Ntchito yoopsa kwambiri, yonyamula petulo ndi dizilo m'matanki oikidwa m'mimba mwa ndege zimene kale zinkaponya mabomba, inagwera makampani amenewa. Freddie Laker, wamalonda a ndege wa ku Britain amene pa nthawiyo anali asanakwanitse zaka 30, anagula kwa BOAC ndege 12 za mtundu wa Halton ndi ndalama zongongola, zina n'kumauluka, zina n'kumachotsako zipangizo zokonzera zinzake. Pamene njira zinatsegulidwa mu May 1949 ndipo maulendowo anatha mu September chaka chomwecho, katundu woposa matani 2 miliyoni anali atalowa mu Berlin, wambiri mwa iye malasha. Makampani ena anatulukamo ndi phindu, koma ambiri anagwa ntchitoyo itangotha, ndipo Laker mwiniwake anapulumuka chifukwa anayamba kuphwasula ndege zakale n'kumagulitsa zitsulo zake.

Otsalawo anapita kulikonse kumene kunali khamu la anthu lofunika kusamutsidwa ndi wina wolilipirira. Ankanyamula asilikali a Britain kupita ku Egypt ndi ku Singapore, Asilamu opita ku Mecca kudzera ku Jeddah, ndi anthu othawa kwawo osamukira ku mayiko ena. Mu 1949 ndi 1950 Ayuda a ku Yemen pafupifupi 49,000 ananyamulidwa kuchokera ku Aden kupita ku Israel, ndipo imodzi mwa makampani amene anagwira ntchitoyo inali Alaska Airlines, yochokera kutali kwambiri ndi chipululu chimenecho. Mu 1950 Vladimir Raitz anachita hayala Dakota kuchokera ku Gatwick kupita ku Calvi pa chilumba cha Corsica, n'kuphatikiza ndege, malo ogona m'matenti ndi chakudya pa mtengo umodzi wa mapaundi 32 ndi mashileni 10. Boma linangomulola kunyamula aphunzitsi ndi ophunzira, pofuna kuteteza BEA, komabe malonda a maulendo otchipa a tchuthi anayambira pamenepo.

Kuno kwathu kampani ya ndondomeko inali Central African Airways, imene inakhazikitsidwa mu 1946 ndi maboma atatu, Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, likulu lake lili ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, ndipo Air Malawi inabadwa mwa iyo mu 1964. Makampani awiri a anthu wamba a ku Britain, Airwork ndi Hunting, analoledwa mu 1952 kuyendetsa ulendo wotchipa wotchedwa Safari kupita ku Nairobi, ndipo chaka chotsatira anafika mpaka ku Salisbury, koma pa ndege zazing'ono za Viking zimene zinkagona m'njira ndi kutenga masiku angapo, kuti zisalande makasitomala a BOAC.

Ndege ya agogo anu, mwachidziwikire, sinali ya onsewa. Inali ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito m'malo mwa eni migodi ya golide ya ku South Africa, limene kuyambira mu 1952 linkanyamula anthu pa ndege kuchokera ku Chileka ndi ku Lilongwe kukawasiya ku Francistown m'dziko la Bechuanaland, lomwe lero ndi Botswana. Kuchokera pamenepo ankapitiriza pa sitima ya pamtunda mpaka ku Johannesburg. Poyamba zinali ma Dakota, kenako ma DC-4 a mainjini anayi. Munthu sankagula tikiti. Akayezedwa m'thupi n'kudinda chala pa kontalakiti, mpando wa m'ndege unali gawo la mgwirizanowo, popita ndi pobwerera. Eni migodi sankachita izi chifukwa cha chifundo. Anawerengera n'kupeza kuti ulendo wa maola ochepa unkawabweretsera munthu wamphamvu msanga, kusiyana ndi wa masiku ambiri pa lole ndi pa sitima, umene ena ankadwalira m'njira, ena n'kutsika kukagwira ntchito m'mafamu a ku Southern Rhodesia.

Pa funso la kudalirika, ine ndikuona kuti ndege zakalezo pazokha zinali zolimba, moti ma Dakota ena akuulukabe mpaka lero. Vuto linali pa makampani opanda ndalama, amene ankadzaza ndege mopitirira muyeso, kutopetsa oyendetsa ndi kutera pa mabwalo opanda zipangizo zokwanira. Mu March 1950 ndege ya hayala ya mtundu wa Avro Tudor, yochokera ku Dublin ndi anthu okaonera mpira wa rugby, inagwa pa Llandow ku Wales n'kupha anthu 80 mwa 83, ngozi yaikulu kuposa ina iliyonse ya ndege mpaka nthawi imeneyo. Komabe makampani a boma nawo sanali oyera, pakuti ma Comet a BOAC anaphulika m'mlengalenga mu 1954 mpaka onse anaimitsidwa. Wenela inauluka zaka zoposa 20, koma pa 4 April 1974 DC-4 yake yobwera kuno inagwa itangonyamuka pa Francistown, chifukwa mafuta ake anali atasakanikirana ndi mafuta a jeti. Anthu 78 anafa, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Pulezidenti Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi, pa nthawi imene Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito kumeneko.

Mpanda wolekanitsa magulu awiriwa unayamba kugumuka pamene ma jeti akuluakulu monga Boeing 707 analowa ntchito mu 1958, chifukwa makampani a ndondomeko anayamba kugulitsa ndege zawo zamapulopela zabwinobwino kwa a hayala, ndipo iwo eni anapezeka ndi mipando yambiri yosowa anthu. Mu 1960 Britain inasintha lamulo kuti makampani a anthu wamba azitha kupempha chilolezo cha maulendo a ndondomeko, ndipo chaka chomwecho Airwork ndi Hunting, imene pa nthawiyo inkatchedwa Hunting-Clan, zinaphatikizana kukhala British United Airways, mkulu wake woyendetsa ntchito ali Freddie Laker.