Zinachitika ndili ndi zaka 9, nanga zabwereranji tsopano?

Mayi wina wandilembera imelo ndipo wandilola kuyankha poyera, bola ndisatchule chilichonse chowaulula. Akuti pamene anali ndi zaka 9, wachibale wina wamkulu amene ankakhala nawo pakhomo anayamba kuwagwiririra, ndipo zinachitika kangapo. Sanauze munthu aliyense. Anakula, anakwatiwa, nkhaniyo n'kumaoneka ngati inatha. Chaka chino mwana wawo wamkazi wakwanitsa zaka 9, ndipo chiyambire tulo tawathawa, amalota zoopsa, amakalipa pa zinthu zazing'ono, ndipo amuna awo akawakhudza thupi limangouma gwa. Akufunsa ngati ayamba kupenga, ngati n'koyenera kuuza amuna awo, komanso ngati ayenera kukhululuka kaye kuti achire.

Mayi, simukupenga. Mwana wa zaka 9 alibe mawu ofotokozera zinthu zotere, alibe kothawira, ndipo kawirikawiri womuzunzayo ndi munthu yemwe banja limamukhulupirira. Kuti apitirize kukhala m'nyumba yomweyo, amakankhira nkhaniyo kutali, koma thupi limasunga zidutswa zake: fungo la munthuyo, kulira kwa chitseko usiku, kulemera kwa dzanja paphewa. Zidutswazi zimadzuka pakachitika china chofanana ndi zakalezo, monga kubereka, imfa ya wozunzayo, kapena mwana wanu kufika msinkhu womwe inu munali nawo. Kukhala chete nthawi yaitali chonchi si chachilendo. Komiti yomwe boma la Australia linakhazikitsa kuti ifufuze za kugwiriridwa kwa ana m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'malo ena osamalira ana inanena mu 2017 kuti anthu amene anakalankhula nayo ankatenga zaka pafupifupi 24 asanauze munthu woyamba. Ndipo simuli nokha, chifukwa mu 2024 bungwe la UNICEF linalengeza kuti atsikana ndi amayi oposa 370 miliyoni amene ali moyo lero, mmodzi mwa 8 aliwonse, anagwiriridwa kapena kuchitidwa nkhanza zogonana asanakwanitse zaka 18.

Mu imelo yanu mwalemba kawiri konse kuti simunakuwe, ndipo apa ndi pomwe mtima wanga waima. Munthu akachita mantha aakulu koma sangathe kumenya kapena kuthawa, thupi limauma lokha, mawu osatuluka, ndipo zimenezi sizichita kusankhidwa. Ena amadziimba mlandu chifukwa ankalandira timphatso kwa munthuyo, ena chifukwa ankamukonda, ena chifukwa thupi lawo linamva kanthu pokhudzidwa. Palibe chimodzi mwa izi chimene chili kuvomera, pakuti mwana sangavomere zogonana ndi munthu wamkulu. Madzulo ano muyang'ane mwana wanu akulemba ntchito ya kusukulu, muone kuchepa kwa manja ake ndi mmene amakhulupirira chilichonse chimene wamkulu wanena, kenaka mudzifunse ngati mungamupatse mlandu umene mwakhala mukudzipatsa inuyo.

Zimene mukufotokozazi zikufanana ndi vuto la maganizo lobwera munthu akakumana ndi zoopsa, lomwe madokotala amalitcha PTSD, ngakhale woyenera kutsimikiza ndi katswiri atakuonani. Kuyambira mu 2022, ndandanda wa matenda wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO uli ndi mtundu wina wotchedwa complex PTSD, womwe umapezeka kwambiri mwa anthu amene anazunzidwa mobwerezabwereza popanda pothawira. Pamwamba pa maloto oopsa ndi kudzidzimuka, munthu amavutika kuugwira mtima, amadziona wachabechabe, ndipo zimamuvuta kuyandikana ndi ena. Vutoli lili ndi chithandizo.

Chimene ndikufuna mumvetse kwambiri ndi choti kuchira kuli ndi poyambira pake, ndipo poyambira si kufotokoza zonse. Dokotala wa zamaganizo wa ku America, Judith Herman, anafotokoza mu 1992 kuti choyamba munthu amafunika kukhala motetezeka, kenaka kukumbukira ndi kulira zomwe anataya, ndipo pambuyo pake kubwerera pakati pa anthu. Ambiri amafuna kudumpha gawo loyambalo, koma chilonda sachitsegula madzi ochitsukira asanakonzedwe. Kwa inu gawo loyambali likutanthauza kugona, kudya, kupewa mowa kapena mapiritsi ogonetsa omwe dokotala sanakulembereni, ndi kuphunzira kudzibweza pamene zakale zakuukirani. Zikayamba, pondani pansi ndi mapazi onse awiri, tulutsani mpweya pang'onopang'ono, tchulani zinthu zisanu zimene mukuziona m'chipindamo, ndipo munene mokweza zaka zanu ndi chaka chimene tili. Zikuoneka zazing'ono, koma zimakumbutsa thupi kuti zinthuzo sizikuchitika lero. Ngati maganizo odzivulaza kapena odzipha akubwerani, musadikire, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndi munthu amene mumamukhulupirira. Ngati wachibale uja ali moyo, asakhale yekha ndi mwana wanu kapena mwana wina aliyense, ndipo mukakayikira kuti pali mwana amene akuzunzidwa panopa, kadziwitseni apolisi kapena ogwira ntchito zoteteza ana.

Kukumbukira mwatsatanetsatane ndi bwino kuchitike pamaso pa mlangizi wophunzitsidwa. Mu 2013 WHO inalimbikitsa njira ziwiri zothandizira anthu odwala PTSD: uphungu wothandiza kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe, wotchedwa CBT, wolunjika pa zoopsa zomwe munthu anakumana nazo, ndi njira ya EMDR, yomwe munthu amakumbukira pang'onopang'ono uku maso akutsatira chala cha mlangizi. Kafunseni kuchipatala komwe amathandiza za maganizo, ndipo musachite manyazi kufunsa mlangiziyo ngati anathandizapo anthu amene anagwiriridwa ali ana. Simukakamizidwa kunena zonse tsiku loyamba. Masabata ena zinthu zimayamba zalemera zisanapepuke, choncho musafulumire kuganiza kuti chithandizo chalephera. Magulu a amayi amene anakumana ndi zofanana amathandizanso, makamaka pochotsa manyazi.

Za amuna anu, inu ndi amene mukuwadziwa. Ngati ndi munthu wodekha, kuwauza kungachotse maganizo oti mwasiya kuwakonda, ndipo mutha kungoti: "Pali chimene chinandichitikira ndili mwana. Sindinakonzeke kuchifotokoza chonse, koma ndikati tileke, sikuti ndadana nanu." Ngati ndi munthu amene amatulutsa zinsinsi pokangana, kapena amakumenyani, yambani mwauza mlangizi kapena mnzanu wosunga pakamwa.

Pa nkhani ya kukhululuka ndinena mosabisa kuti sindigwirizana ndi anthu amene amakuika patsogolo ngati khomo lolowera kuchira. Amayi ambiri auzidwa kuti akhululuke pamene cholinga chenicheni chinali choti akhale chete kuti banja lisachite manyazi. Ngati chikhulupiriro chanu chidzakufikitseni pokhululuka, zidzachitike pa nthawi yanu, ndipo sizitanthauza kukana kuti cholakwa chinachitika, kusiya kukadandaula kwa apolisi, kapena kulola munthuyo kulowanso m'nyumba mwanu. Kukakumana naye maso ndi maso musakufulumirire. Ozunza ambiri amakana, ndipo achibale ena amaikira kumbuyo wolakwayo, choncho ngati mudzafune kutero, mudzayambe mwakambirana ndi mlangizi wanu za chimene mudzachite akadzakana, ndipo musadzapite nokha.