Mfuti ya .22 ikamakakamira ndi kuphonya kuno kuchigwa

Bambo ena a ku Ngabu, omwe ali ndi mfuti ya Ruger 10/22 pamodzi ndi chiphaso chake cha kupolisi, andilembera pa imelo kuti mfutiyo yayamba kuwavutitsa. Akuti nthawi zina khoko la chipolopolo limapanikizika potulukira, nthawi zina mfuti imangoti tswa osalira, ndipo akawombera chandamale pa mamita 50 zipolopolo zimamwazikana. Akufunsa ngati mfutiyo yatha ntchito.

Bambo, sindikukhulupirira kuti yatha. Mfuti ya mtundu umenewu inayamba kupangidwa mu 1964 ndipo ndi yolimba ndithu, koma kagwiridwe kake ka ntchito sikagwirizana ndi litsiro. Chitsulo chotseka kumbuyo kwa chipolopolo, chimene ambiri amangochitchula kuti bolt, sichikhala ndi loko. Chimagwidwa ndi kulemera kwake komanso sipuling'i basi. Mukawombera, mphamvu yochepa ya wonga wa m'kachipolopolo kameneka ndiyo iyenera kukankhira chitsulocho m'mbuyo, kutaya khoko ndi kutchera mfuti, kenaka sipuling'i n'kuchibweza chitatenga chipolopolo china. Mphamvu yotsala ndi yochepa kwambiri, choncho kalikonse kogwira chitsulocho kamaimitsa ntchito yonse.

Apa ndi pamene nyengo yathu imalowererapo. Chipolopolo cha mfuti imeneyi, chotchedwa .22 LR, chomwe chinayamba kugulitsidwa mu 1887, chimapakidwa phula kunja kwa mtovu wake. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kwa ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapyola madigiri 40, phulalo limafewa n'kumamata, ndipo likasakanikirana ndi fumbi, mwaye wa wonga ndi mafuta amene mwathira, limasanduka phala lakuda. Mukachotsa magazini (kabokosi kolowetsamo zipolopolo) ndi kutsimikiza kuti mfuti ilibe chipolopolo, kokerani chitsulocho m'mbuyo muone pamene chimagundana ndi mpope, makamaka kamphako kolowa kambedza kokoka khoko. Mukakandapo ndi kamtengo ka machesi mudzaona zakuda zikugwa ngati mwaye wa pansi pa mphika. Tsukani pamenepo, tsukaninso ndi burashi malo okhala chipolopolo, ndipo mafuta muzingopaka pang'ono ndi kansalu. Ambiri amaganiza kuti mfuti yokakamira ikufuna mafuta ochuluka, pamene kuno mafutawo ndiwo amakola fumbi. Oyilo wakuda wa galimoto kapena mafuta ophikira asayandikire n'komwe. Magazini nayonso imadzaza fumbi, ndipo ngati muli ndi ziwiri, ikani chizindikiro pa iliyonse kuti mudziwe imene imavuta.

Za kusalira, mankhwala oyatsa wonga amakhala m'mphepete mwa khoko, ndipo pa zipolopolo zotsika mtengo sazungulira mphepete yonse mofanana. Mfuti ikapanda kulira, ilozeni kuchandamale komweko kwa masekondi 30 musanatsegule, chifukwa china chimachedwa kuyaka. Kenaka yang'anani pakhoko pamene kamsomali kophulitsa chipolopolo kamenya. Ngati pali chidindo chakuya, vuto ndi chipolopolo. Ngati pangokhudzidwa pang'ono, ndiye kuti kamsomali kagwidwa ndi litsiro kapena chitsulo sichinatseke mokwanira. Zipolopolo zimenezi zimalowanso chinyontho msanga, choncho zosungidwa m'galimoto kapena m'nyumba imene munalowapo madzi osefukira musazidalire. Zisungeni m'chitini chotseka bwino, pamalo ozizira ndi okhoma.

Kuphonya ndi nkhani yofuna kuleza mtima. Yambani ndi zomangira: sikuluwu imodzi yogwira thabwa la mfuti, ziwiri zogwira mpope, ndi zonse za sikopu (galasi loonera chandamale) ngati muli nayo. Thabwa limafufuma m'dzinja n'kuuma m'chilimwe, ndipo sikuluwu imene inali yolimba mu Febuluwale ikhoza kukhala yakhwepa mu Seputembala. Kenaka ganizirani zipolopolo. Zothamanga mwachizolowezi zimachoka pa liwiro la mamita pafupifupi 330 pa sekondi, pamene zolembedwa High Velocity zimafika cha m'ma 380, kuposa liwiro la phokoso. Zachiwirizi zimayendetsa bwino mfuti yodzitchera yokha, koma kawirikawiri zoyambazo ndizo zimagwera pamodzi pachandamale. Mfuti iliyonse imakhala ndi mtundu umene imagwirizana nawo, ndipo zimenezi mungazidziwe poyesa basi.

Yesani m'mawa kusanatenthe, chifukwa masana mpweya wotentha umavinitsa chandamale m'maso, ndipo mwera ukamawomba umakankha mosavuta mtovu wolemera magalamu 2.6 okha. Tsamiritsani mfuti pa thumba la mchenga, muwombere zisanu zisanu, ndipo musinthe chinthu chimodzi pa nthawi. Mukasintha zipolopolo, sikopu ndi magazini tsiku limodzi simudzadziwa chimene chathandiza. Mukangotsuka mpope kapena kusintha mtundu wa zipolopolo, zoyambirira musaziwerengere. Samalaninso kukamwa kwa mpope, pakuti ndodo yotsukira ikamakwecha pamenepo mfuti imayamba kumwaza kosabwerera, n'chifukwa chake ine ndimakonda chingwe chokoka kuchokera kumbuyo.

Kumbuyo kwa chandamale kukhale chulu chachikulu kapena mulu wa dothi. Kachipolopolo kameneka kamatha kupita kupitirira kilomita imodzi ndi theka, ndipo kamanjanja pamadzi ndi pa makande ouma, choncho musawombere cha ku Shire kapena kudimba kumene kuli anthu ndi ng'ombe.

Koma mukaona mfuti ikulira kawiri mutakoka kamodzi, kapena makoko akutuluka otupa kapena ong'ambika kumbuyo, isiyeni pomwepo muipereke kwa mmisiri wa mfuti wovomerezeka. Musapale nokha ndi tupa zitsulo za m'kati. Mukayesa zimene ndalongosolazi, mundilemberenso mtundu wa zipolopolo ndi kukula kwa malo amene zagwera.