Kwa mayi ofunsa za sukulu za masisitere nthawi ya mliri

Mayi, mwati mwana wanu wasankhidwa kupita ku sukulu ya atsikana ya Akatolika kuno ku Lilongwe, koma mtima sukukhazikika kumusiya ku boding'i poti matenda achuluka masiku ano, ndiye mukufuna kudziwa mmene sukulu zimenezi zinachitira nthawi ya Covid-19. Ena akuyankhani kuti mungopemphera. Kupemphera inde, koma funso lanu likufuna yankho lenileni. Wanga anali Fomu 3 pa sukulu yotereyi mu 2020. Dzina la sukuluyo sinditchula, chifukwa ndinenanso zina zosakoma.

Sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, matendawa asanapezeke n'komwe m'dziko muno (odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo, konkuno ku Lilongwe). Tonse tinkati ndi za masabata awiri atatu. Mapeto ake a Fomu 4 anabwerera pa 7 Seputembala, ena onse pa 12 Okutobala. Miyezi imeneyo chimene chinkaopsa kwa mwana wamkazi sichinali chifuwa ayi, kunali kukhala pakhomo. Kafukufuku wa boma anapeza kuti atsikana pafupifupi 40,000 anatenga mimba ndipo maukwati a ana anafika pafupifupi 13,000 m'miyezi yochepa chabe.

Apa ndiye pamene ndinawaonera masisitere aja. Anagawa mayina a ana onse kwa aphunzitsi, aliyense gulu lake. Loweruka m'mawa foni imalira, mphunzitsi n'kundipatsa moni mwaulemu, kenako amvekere, "Mayi, ndipatseni mwanayo ndiyankhule naye." Sankakhutira ndi yankho langa loti ali bwino. Amafuna amve mawu a mwini wake, amufunse wafika pati ndi masamu, akugona kuti, akuthandiza ntchito yanji pakhomo. Kumene kunalibe foni, uthenga umadzera kwa bambo mfumu a parishi, kuchoka apo kwa akatekisiti, mpaka kwa wapampando wa mphakati, kagulu ka mabanja a Akatolika okhala moyandikana. Mpingo wa Katolika uli ndi njira zofika m'mudzi uliwonse, ndipo mtsikana wa ku Malingunde kapena ku Nsaru samangosowa popanda wina kukagogoda pakhomo pa makolo ake. Mnzake wa mwana wanga anali atayamba kale kukambidwa za banja kwa amalume ake. Amayi a mphakati ndi amene anakakhala pabwalo paja mpaka nkhaniyo inatha.

Za maphunziro a pa intaneti tisanamizane. Zinathandiza ana a m'tauni amene makolo awo amatha kugula bando tsiku ndi tsiku. Manotsi amabwera pa WhatsApp, koma nyumba zambiri foni ndi imodzi, ya bambo, ndipo imabwera madzulo, magetsi atathima. Chimene chinagwira ntchito ndi mapepala. Sukulu imasindikiza manotsi ndi mafunso n'kukasiya ku maofesi a maparishi, makolo n'kumatuma wakabaza kukatenga.

Ndalama zinavuta kwambiri, ndipo apa ndi pamene tinakangana. Sukulu zambiri za mishoni boma limalipira aphunzitsi, koma ophika, alonda ndi osamalira pamalo amadalira fizi. Fizi itasiya kulowa, anthu amenewo anali pa moto. Kwathu dimba la sukulu ndi khola la nkhumba zinawagwira pamimba, ndipo amayi amene anaphunzirapo kale anasonkherana ndalama kangapo. Potsegulira, makolo ambiri ntchito zinali zitatha, mabizinezi atagwa. Ena analoledwa kulipira pang'onopang'ono, ena anabweretsa matumba a chimanga ndi nyemba m'malo mwa ndalama. Koma sikuti zonse zinali zachifundo. Kalata zokumbutsa ngongole zinabwera ndithu, ndipo msonkhano wina wa makolo unatentha moti mayi wina anaimirira n'kufunsa ngati Uthenga Wabwino umathera pa geti. Ine ndinaona kuti mbali zonse zinali ndi mfundo. Nsima ya ana mazanamazana siphikidwa ndi chisoni.

Atabwerera, pakhomo la kalasi iliyonse panali ndowa ya mpopi ndi sopo, masiki anali a nsalu ya chitenje osokedwa pasukulu pomwepo, ku dayining'i amalowa mosinthana, Misa imachitikira panja pansi pa mitengo. Tsiku loona ana linathetsedwa. Timasiya kamba pa geti, chiponde ndi shuga m'jumbo yolembedwa dzina, mwana n'kumangokupatsa moni chapatali kuseri kwa mpanda. Koma ku hositelo zotalikirana zinali za pakamwa chabe. Mabedi osanjikizana simungawatalikitse. A Fomu 4 anakumana ndi zinanso: mayeso a MSCE anathetsedwa mu Novembala atabedwa, ndipo anakalembanso mu Januwale 2021.

Januwale ameneyo ndiye anali woopsa. Nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi pa 12, bwalo la Bingu linasanduka chipatala, ndipo nyuzi zinalengeza kuti ana oposa 300 apezeka ndi kachiromboka pa Lilongwe Girls, yomwe ndi ya boma. Akatolika a dayosizi ino tinali tidakali pa maliro a episkopi wathu wamkulu, Ambuye Tarsizio Ziyaye, amene anatisiya mu Disembala ndi matenda ena. Boma linatsekanso sukulu, koma a ku boding'i anauzidwa kuti akhale komweko mpaka ayezedwe, kuti asakafalitse matenda kumudzi.

Pasukulu pathu anapezeka nawo angapo, wanga mmodzi mwa iwo. Makalasi awiri anasandutsidwa mogona odwala. Namwino amachokera ku chipatala cha mishoni m'mawa uliwonse, ndipo amatroni anasamutsa mphasa yawo n'kumagona pakhonde pa makalasiwo, chonsecho ndi mayi wachikulire wodwala shuga. Chakudya chimasiyidwa patebulo pakhomo, anzawo n'kumaimba nyimbo za kwaya chapatali nthawi ya kolona madzulo. Ambiri chinali chimfine ndi kusamva fungo basi; wanga chimene ankadandaula n'choti tiyi wa mandimu ndi jinja wamukwana. Makolo ndi amene tinadwala kwambiri, ndi mantha. Tsiku lina tinasonkhana pa geti, ena akufuna kutenga ana awo mokakamiza. Asisitere aakulu anatuluka okha, osatuma mlonda, n'kutiuza chiwerengero cha odwala, mmene aliyense alili, ndi chimene adzachite wina akafooka. Kuyambira tsiku limenelo uthenga umabwera pa gulu la makolo madzulo alionse, ngakhale kulibe chatsopano. Mphekesera zinatha. Ndikanakonda akanayamba kutero msanga, tisanafike pokuwa pa geti.

Si onse anabwerera, mayi. M'kalasi ya mwana wanga munali mipando yopanda anthu. Ndondomeko ya boma imalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, koma pa sukulu za mpingo nkhaniyi imayenda mwakachetechete, ndipo amene ndikuwadziwa ine anathandizidwa kupeza malo ku sukulu zina m'malo mobwerera pomwepo. Ena amati n'kumuteteza mwana ku manyazi, ine ndimati pamenepo mpingo ukanatha kulimba mtima koposa.

Ndiye mwanayo mupititseni. Tsiku lokamusiya musangothera pa ofesi ya fizi. Pemphani muone chipinda cha odwala, funsani kuti mwana akadwala usiku amapita chipatala chiti ndipo pa galimoto ya ndani. Funsaninso za madzi, ngati ali ndi mjigo kapena thanki mipopi ikauma, chifukwa kolera ija inachedwetsa kutsegulira sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre mu Januwale 2023 imayenda ndi madzi ndi zimbudzi, osati mpweya. Tengani nambala ya amatroni ndi ya mphunzitsi wa kalasi yake, ndipo muwauze akulowetseni pa gulu la makolo tsiku lomwelo, musanakwere minibasi yobwerera.