Mpando wa Formula 1 amaugula kapena amaupambana?

Mmodzi mwa inu wandilembera pa imelo ali wokwiya ndithu. Akuti wayamba kutsatira Formula 1, mpikisano waukulu wa magalimoto othamanga, posachedwapa, ndiye wamva kuti madalaivala ena ali m'galimotomo chifukwa cha ndalama za makolo awo kapena za makampani omwe amawathandiza. Funso lake ndi loti: ngati mpando umagulidwa, tikamaonera mpikisanowu tikuonera akatswiri enieni kapena ana a mpondamatiki akusewera?

Achimwene kapena achemwali, poti simudanene, yankho langa ndi ili. Pamwamba penipeni, ku matimu omwe amalimbirana chikho, luso ndi limene limalamula. Ndalama zimasankha anthu ndithu, koma ntchito yake yambiri zimaigwirira pansi, mwana asanafike n'komwe pamene inu mungamuone pa TV.

Tiyambe ndi chimene chakukwiyitsanicho, chifukwa si bodza. Mu 2010, Nico Hülkenberg, ali m'chaka chake choyamba ku timu ya Williams, adathamanga kuposa aliyense pa mayeso osankha malo oyambira ku Brazil, msewu uli wonyowa, n'kuyamba mpikisano ali patsogolo pa magalimoto a Red Bull ndi Ferrari. Pasanathe masabata ambiri adamuonetsa msana wa njira. Mpando wake udapita kwa Pastor Maldonado wa ku Venezuela, yemwe adabwera ndi ndalama za PDVSA, kampani ya boma ya mafuta ya dziko lawo. Williams nthawi imeneyo inali pa mavuto a zachuma, ndipo timu yosauka imawerengera motere: dalaivala waluso angatipatse timagawo tochepa ta sekondi pa kuzungulira kulikonse, koma mamiliyoni a sponsa angatilipirire mainjiniya, injini ndi zipangizo zatsopano chaka chonse. Nthawi zina masamu amenewa amakhala olondola, ngakhale amawawa kuwamva.

Koma taonani zimene zidachitika. Maldonado yemweyo, amene anthu ankamuseka chifukwa chowombawomba magalimoto, adapambana mpikisano wa ku Spain mu 2012, Fernando Alonso akumupumira m'khosi pa Ferrari pamaso pa anthu a kwawo. Adabweranso ku Formula 1 atatenga kale chikho cha GP2, mpikisano umene unali pansi pa Formula 1, mu 2010. Ndiye munthu akhoza kubwera ndi chikwama komanso n'kukhala wothamanga. Niki Lauda adakongola ndalama kubanki kuti alipire mpando ku timu ya March, kenako ya BRM, ndipo adadzatenga chikho cha dziko lonse katatu, mu 1975, 1977 ndi 1984. Michael Schumacher adalowa mu timu ya Jordan pa mpikisano wa ku Spa, ku Belgium, mu 1991 chifukwa Mercedes idapisa m'thumba. Sergio Pérez wayenda ndi thandizo la banja la Carlos Slim la ku Mexico kuyambira ali mnyamata, koma mipikisano imene wapambana palibe adamugulira.

Nanga bwanji matimu aakulu sagulitsa mipando? Si kuti ndi oyera mtima. Ndalama za mphoto zimagawidwa potengera malo amene timu yamalizira pa chaka, ndipo mapointi ake ndi a madalaivala onse awiri kuphatikiza. Ferrari, McLaren, Mercedes kapena Red Bull ikaika munthu wochedwa m'galimoto yachiwiri, imataya zambiri kuposa zimene sponsa wake angabweretse. Kumeneko timu ndi imene imalipira dalaivala, ndipo imalipira kwambiri.

Zinthu zasinthanso zaka zapitazi. Kuyambira 2016, kuti munthu apatsidwe chiphaso choyendetsera mu Formula 1 ayenera kusonkhanitsa mapointi 40 m'mipikisano ya m'munsi, choncho wolemera wopanda luso konse sangangotulukira. Mu 2021 adaikanso malire a ndalama zimene timu ingagwiritse ntchito pa chaka, kuyambira pa madola 145 miliyoni. Matimu ang'onoang'ono adayamba kupumako, ndipo chaka chilichonse sakhalanso akufunafuna wowapulumutsa. Nikita Mazepin, amene adalowa Haas mu 2021 ndi ndalama za Uralkali, kampani yokhudzana ndi bambo ake, adaonetsa kuopsa kodalira chikwama chimodzi. Russia itayamba nkhondo ku Ukraine mu 2022, Haas idathetsa kontrakiti ya sponsa ndi ya dalaivala tsiku limodzi, n'kuitananso Kevin Magnussen.

Nkhani ya Lance Stroll ndi ina, chifukwa bambo ake sadagule mpando koma timu yonse. Lawrence Stroll ndi anzake adagula Force India mu 2018 itatsala pang'ono kugwa, n'kuisandutsa Racing Point, kenako Aston Martin. Anthu mazanamazana adapulumutsa ntchito zawo, izi tisaiwale. Koma amene adachoka kuti Lance alowe anali Esteban Ocon, mnyamata amene makolo ake adagulitsa nyumba n'kumakhala m'kalavani kuti iye apitirize kuthamangitsa tigalimoto ta kart. Ocon adakhala pambali chaka chonse cha 2019. Atabwerera, adapambana ku Hungary mu 2021.

Nkhani ya Ocon ndi imene ikutifikitsa pamene ine ndimaona kuti vuto lenileni lili. Mwana amayamba kart ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri. Kuti aoneke, ayenera kupikisana ku Italy ndi mayiko ena a ku Ulaya, ndi matayala atsopano pafupipafupi, makaniko wake, injini zingapo, maulendo. Akatero pali Formula 4, Formula 3, Formula 2, ndipo pa sitepe iliyonse dalaivala ndi amene amalipira timu. Chaka chimodzi cha Formula 2 chimadya ndalama zopitirira ma euro miliyoni imodzi kutalitali. Wolemera amagula masiku ambiri oyeserera ndiponso mpando mu timu yabwino. Akawomba galimoto amagona tulo. Wosauka amaopa kulowa pakona molimba mtima chifukwa akudziwa amene alipire chokonzetsera. Lewis Hamilton adapulumuka chifukwa bambo ake ankagwira ntchito zingapo nthawi imodzi, ndipo McLaren idamutenga mu 1998 ali ndi zaka 13. Anzake angati a msinkhu wake adasiyira panjira, maina awo palibe amene adawalemba. Sukulu za madalaivala za Red Bull, Ferrari ndi Mercedes zimathandiza, komabe zimasankha pakati pa ana amene adakwanitsa kale kufika pabwalo.

Ngakhale wofika pamwamba sakhala ndi chitsimikizo. Oscar Piastri adatenga chikho cha Formula 3 mu 2020 ndi cha Formula 2 mu 2021, koma mu 2022 adangokhala wapambali ku Alpine, pamene Zhou Guanyu, yemwe adamaliza wachitatu, adapeza mpando ku Alfa Romeo monga dalaivala woyamba wa ku China, msika umene kampani iliyonse imaulakalaka. Piastri adadzalowa McLaren mu 2023. Felipe Drugovich, amene adatenga chikho cha Formula 2 mu 2022, adakhala zaka ali wapambali ku Aston Martin komweko.

Mukafuna kudziweruzira nokha za dalaivala wina aliyense, musayang'ane malo amene wamaliza, chifukwa magalimoto ndi osiyana kwambiri. Muyerekezeni ndi mnzake wa timu imodzi, makamaka Loweruka pa mayeso osankha malo oyambira, pamene mafuta ndi ochepa ndipo palibe chobisalira. Stroll si munthu wamba pa chiwongolero: adatenga chikho cha Formula 3 cha ku Ulaya mu 2016, ndipo adayamba patsogolo ku Turkey mu 2020 pa msewu woterera koopsa. Koma mu 2023, onse ali ku Aston Martin pa galimoto yofanana, Alonso adapeza mapointi 206 ndipo Stroll 74. Timu ina iliyonse ya pamwamba ikadafunsa mafunso pa kusiyana kotere, ndipo Red Bull yachotsapo anthu pakati pa chaka chifukwa cha zimenezi.