Usanakwere basi, tayamba wakhala pansi apa

Mnyamata wina wa ku Chamama wandilembera. Akuti: "Agogo, ndili ndi zaka 24, ndinaphunzira kuwotcherera zitsulo, ndipo ndangogulitsa soya wanga. Kumudzi kuno ntchito kulibe. Anzanga ena akuti tiye ku Lilongwe, ena akuti ku Joni. Akazi anga ndi oyembekezera. Ndilowere kuti komwe moyo ndi wotchipa koma ntchito n'kumapezeka?"

Mdzukulu wanga, kuchoka sindikuletsa. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ife a ku Kasungu kuyenda sitinayambe lero. Kamuzu yemwe ananyamuka kuno ali mnyamata, wapansi, mpaka kukatulukira ku Joni. Amsinkhu wanga ankapita kumigodi ya ku Joni pa Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za kumigodiko, mpaka 1974, pomwe ndege inagwa ku Francistown n'kupha anzathu oposa 70, boma n'kutseka njirayo. Koma mawu ako akuti "wotchipa" ndiwo andikhazika pansi.

Kumudzi umadya zinthu zambiri zomwe sudziwa kuti zili ndi mtengo. Ufa umachokera m'nkhokwe, nkhwani kudimba, madzi pamjigo, nkhuni kuthengo. M'tauni zonsezi n'zogula: makala a pambaula, ndowa ya madzi pakiyosiki, mayunitsi a magetsi, ngakhale tomato mmodzi. Achinyamata mumangofunsa lendi basi. Wina amapeza chipinda chotchipa ku Chinsapo, ntchito n'kuipeza ku Kanengo komwe kuli mafakitale, osadziwa kuti malo awiriwa ali mbali zosiyana za mzinda. Maminibasi awiri popita, awiri pobwera, ndalama yomwe ankati wapulumutsa pa lendi yathera kwa kondakitala. N'chifukwa chake ambiri ogwira ntchito ku Kanengo amathinana ku Mgona ndi ku Area 25, kuti aziyenda wapansi.

Ineyo ndinapita ku Lilongwe likulu litangosamuka ku Zomba mu 1975, nyumba za boma zikumangidwa. Ndinafikira kwa malume, ndinkati sabata imodzi. Miyezi itatu inakwana ndikadali pamphasa ya pabalaza. Usiku wina ndili chigonere ndinamva akazi awo a malume akugogoda chitini cha ufa kukhitchini, go go go, kuti wotsalira m'makona ugwe. Sanandinenepo kanthu mayi aja. Nsima ya mawa lake inabwera mitanda itatu, anthu tili asanu, ndipo mtanda umodzi anaukankhira kwa ine poti ndine mlendo. Manyazi a tsiku limenelo ndikadali nawo. Mlendo ndi mame, mdzukulu wanga. Ukafikira kwa mbale, nyamula ufa ndi nyemba, unene tsiku lochoka, ndipo tsikulo likakwana uchokedi.

Za Joni ndinena mwachidule. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, randi inayamba kukoma m'makutu, sindikana. Koma pasipoti yathu imakupatsa masiku 30 ochezera, si ogwirira ntchito. Akatha umakhala mozemba apolisi, ndipo ogwidwa amakasungidwa ku Lindela kudikira kubwezedwa. Munthu woti mkazi wake ali pafupi kuchira asayambe ndi ulendo umenewu.

Ndikanakhala iwe, ndi luso lili m'manjalo, ndikanayang'ana pafupi. Pa Kasungu boma, pa Mtunthama, pa Chinkhoma pomwe pali msika wa fodya, pa Jenda m'mbali mwa msewu wa M1, ngakhale pa Kamwendo ku Mchinji. Mlimi akagulitsa fodya, soya kapena mtedza amafuna mafelemu a zitseko ndi mawindo, ngolo yake imafuna kuwotcherera, njinga za kabaza zimathyoka tsiku ndi tsiku. Ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 130 kuchoka pano, owotcherera ali mumsewu uliwonse, ndipo iwe ukakhala wa kumapeto kwa mzere. Pafupi pano thumba la chimanga likhoza kukupeza pa matola kuchoka ku Chamama, munda wako ukhoza kumaulimabe, ndipo tsiku la mayi wa kunyumbayo likafika, amayi ake afika dzuwa lisanalowe. Kutchipa komwe ndikukudziwa ine n'kumeneko.

Pali vuto lake, usati agogo sananene. Ndalama ya kuno imayenda ndi nyengo. Kuyambira Epulo msika wa fodya ukatsegulidwa mpaka cha mu Ogasiti, udzakana ntchito zina. Januwale ndi Febuluwale udzakhala pakhonde kuwerenga magalimoto odutsa. Amene sasunga ya mu Juni amathera kwa akatapila mu Januwale. Ndipo usanalipire kanyumba ka shopu, ufunse oyandikana nawo kuti magetsi amakhala maola angati, chifukwa makina ako popanda magetsi ndi mpando chabe.

Tsono za khalidwe, pakuti apa mpamene ambiri mumapunthwa. Usachoke ngati wakuba nkhuku. Utsanzike kwa makolo, kwa ankhoswe, ndi kwa malume ake a mkazi wako, poti iwo ndiwo eni mbumba, ndipo sungatenge mwana wa eni ali ndi pathupi iwo n'kumvera kwa anthu apanjira. Kumpingo utenge kalata yosamukira. Ukafika, usanapachike n'komwe chikwangwani, kaonekere kwa amfumu a pamalopo, unene dzina lako, kwanu ndi ntchito yako. Maliro akagwa, tseka shopu upite ukagwire nawo fosholo kumanda, ngakhale womwalirayo sunamuonepo. Anthu amayang'ana, ndipo amene amakumba nawe manda ndi omwewo adzakubweretsere ngolo yothyoka. Ndi landilodi, mugwirizane pali mboni, mulembe papepala: lendi ndi zingati, tsiku lolipira, bilu ya magetsi mugawana bwanji. Wina akakuuza kuti mupatse kenakake akupezere ntchito pakampani, umuyankhe mwaulemu kuti ukaganiza, kenako usinthe njira.

Ulendo woyamba upite wekha, masabata awiri okha. Theka la ndalama ya soya usiye m'manja mwa akazi ako, usalikhudze. Ukagwire ganyu kwa wowotcherera yemwe alipo kale, uone makasitomala ake amachokera kuti, zitsulo amagula kuti, ndipo amatseka nthawi yanji. Tenga kabuku uzilemba chilichonse chomwe wagula, ngakhale machesi. Ukabwerako udzere kuno undiwerengere kabukuko, ndiponso undiuze kuti pa Chinkhoma wapeza owotcherera angati. Ubwere ndi tepi yoyezera, chitseko cha khola langa la mbuzi chinathyoka mvula ya chaka chatha.